Nkhufi za Kuchipinda Kwanga

Ine ku Mchinji kuno sindinabadwireko. Ndinabwera ndili mnyamata pa lole ya esiteti, nditanyamula mkeka ndi poto, kudzalima fodya ngati tenanti. Tinkagona m'tizisakasa taudzu tomwe anthu ena anagonamo ife tisanafike, ndipo enanso anadzagonamo ife titachoka. Ndinalimbikira, ndipo popeza Mulungu anandipatsa mawu oti ndikaitana munthu ali kutsidya kwa dambo amatembenuka, bwana anandipatsa ukapitawo. Kenako ndinakwatira m'mudzi wina chakufupi ndi Kamwendo, n'kukhala mkamwini pamalo pa akazi anga. Za utenanti ndinasiya kuzitchula. Munthu akandifunsa ndinkangoti kuno ndinabwerera ukapitawo.

Nyumba yoyamba ya malata m'mudzimo inali yanga. Pabalaza ndinathirapo simenti, makoma ndinapaka laimu, ndinaikapo mipando ya khushoni ndi wailesi. Ansembe akabwera kuchokera ku Guilleme kudzadzoza odwala ankapumira kwa ine. Koma simenti ija kuchipinda sinafike. Ndinkati ndidzamaliza fodya akagulidwa, fodya n'kugulidwa, ine n'kukagula jekete. Sizinkandivuta mumtima, chifukwa kuchipinda kwa munthu wapabanja amalowako ndani? Mlendo amathera pabalaza. Mwana wako yemwe akatha msinkhu amaima pakhomo n'kulankhulira pomwepo.

Zipani zitachuluka, akuba nawonso anachuluka. Ziweto zinkasowa m'makola n'kukamveka kuti zaoloka kale ku Zambia. Nthawi imeneyo ukapitawo ndinali nditausiya. Ndinkaweta nkhumba n'kumagulitsa nyama tsiku la msika pa Kamwendo, nthawi zina kuboda kumene madalaivala a mathiraki amadikirira mapepala awo. Ndiye ndinaphwasula khola lomwe linali kumapeto kwa bwalo n'kulimanga mogundana ndi nyumba, khoma la chipinda changa n'kukhalanso khoma la khola. Nkhumba ikangotsokomola ndinkamva ndili pabedi. Akazi anga anadandaula za fungo, ine ndinati fungo silinaphepo munthu. Nkhumba yanga sinabedwe ngakhale imodzi, ndipo zimenezi ndinkauza aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Mwana wathu wamkazi anakwatiwa ku Chipata. Atatenga pathupi pachiwiri, anabwera kudzatisiyira mwana wake woyamba, kamtsikana kongoyamba kulankhula, kuti kaiwale bere. Kwathu kuno mdzukulu wamkazi agogo aamuna amamutcha mkazi wawo, ndi nthabwala yakale. Ndiye ine ndinkakaitana kuti mkazi wanga wamng'ono, akazi anga n'kumati mkazi mnzawo wawalanda banja. Kankandikoka ndevu, kankakana phala mpaka ine ndikhale pansi. Koma kankakodza pogona, ndiye pofuna kusunga matiresi, akazi anga anatsika pabedi n'kumagona nako pamphasa, pansi, m'mbali mwa khoma lija.

Mvula itatha mwanayo anatentha thupi. Tinati malungo, monga tinkanenera kutentha thupi kulikonse. Kuchipatala chathu chaching'ono anamupatsa fansida. Patapita masiku thukuta linatuluka, iye n'kudzuka kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Tisanamalize kuthokoza, thupi linatenthanso. Fansida wina. Anadzukanso, koma miyendo itachepa. Kachitatu kutentha kunabwera ndi kunjenjemera koti mano ankagundana. Matendawa ankachita ngati mlendo woiwala chipewa, kutsazika bwinobwino n'kubwereranso.

Apa mpamene alamu anga analowererapo. Ndi achimwene a akazi anga, eni mbumba, munthu woonda wolankhula motsitsa, yemwe sitinamvanepo kuyambira tsiku lomwe ndinakhoma malata. Anabwera m'mawa wina, anakana mpando wa khushoni, n'kukhala pakhonde.

“Alamu, kuboda kuja mumagona kuti?”

“Ndimabwerako tsiku lomwelo. Bwanji?”

“Si nthawi zonse. Mwanayu mankhwala a malungo wamwa, osamva. Si malungo amenewa. Mwanayu mwamutsempha.”

Kwa amene sadziwa: amati pakhomo pakakhala mwana wamng'ono, bambo n'kukayenda ndi mkazi wina, pobwerako n'kudzamunyamula mwanayo, mwana amadwala, amaonda, mwina kufa kumene. Kumeneko ndiye kutsempha, ndipo mankhwala ake amayamba ndi kuulula. Alamu ankafuna ndiulule pamaso pa ankhoswe. Akazi anga anali kukhitchini akumva zonse.

Ndinakalipa mpaka agalu a m'mudzi anauwa. Mkazi wina ndinalibe, Mulungu ndi mboni. Koma mtima wa mwamuna ndi wopusa inu. Mbiri ija itafika pa Kamwendo, anzanga ogulitsa nyama akandiona ankakuwa kuti, “Tambala wa kuboda uja wafika, bisani akazi.” Ndinkawatukwana pakamwa pokha. Munthu wa imvi kumunamizira zoterozo, penapake m'kati mumakoma.

M'miyezi yomweyo kunabwera anthu a kafukufuku. Anaika zipangizo zawo m'kachipinda kena pachipatala chaching'ono chija, ndipo mlangizi wathu wa zaumoyo anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Wotsogolera anali dokotala wachizimayi, Mmalawi mnzathu, wausinkhu wa mwana wanga, atamanga chitenje pamwamba pa thalauzi. Mawu ake anali aang'ono moti akumbuyo sankamva. Anati m'dera lino anthu ambiri amatentha thupi, koma akawayeza ena sapezeka ndi malungo, ndipo mankhwala a malungo sawathandiza. Iwo abwera kudzafufuza kuti matenda enawo ndi otani ndipo akuchokera kuti, kaya ku makoswe, kaya ku mkaka wosaphitsa, kaya ku madzi, kaya ku tizilombo tina toluma. Anati iwonso sakudziwa, n'chifukwa chake akupempha kadontho ka magazi a pachala kwa aliyense wotentha thupi.

Atangotchula magazi anthu anayamba kusuntha. Inali nthawi yomwe mphekesera za opopa magazi zinali m'kamwa mwa aliyense, ndipo galimoto yoyera yachilendo inkathawitsa amayi pamjigo. Ine ndinaimirira. Ndinabwereza zonse zomwe adokotala ananena, ndi mawu angawa, mpaka mbalame zinauluka mumtengo wa mango. Ndinati wopopa magazi sabwera masana, atatsogozana ndi mlangizi yemwe amayi ake timapemphera nawo. Ndinatambasula chala kuti andibaye pomwepo anthu akuona, ngakhale sindinkadwala. Anabaya, anthu anaomba m'manja. Ndikanakhala pansi pamenepo zikanakhala bwino, koma m'manja mukamalira ine kuleka kumandivuta. Ndinawonjezera kuti, “Adokotala, musataye mafuta kuzungulira midzi ya anthu aukhondo. Pitani ku maesiteti kwa matenanti, matenda ali kumeneko.” Ena anaseka. Matenanti angapo omwe anaima kumbuyo sanaseke.

Thupi la mwana litatenthanso, akazi anga anamubereka, ine n'kuwakweza panjinga mpaka kuchipatala. Adokotala anati tachita bwino kubwera thupi likadali moto, chifukwa tizilombo tina timabisala kutentha kukatsika. Anabaya kachala, anapaka magazi pakagalasi, n'kutiuza kuti tidikire pansi pa mtengo. Dzuwa litapendeka anandiitana.

“Agogo, bwerani muone nokha. Tsinzinani diso limodzi.”

Ndinaika diso pamakina awo oonera tizilombo. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Kenako ndinaona timipira tambirimbiri tofiirira, ndipo pakati pake timaulusi topiringizika ngati tsitsi lomwe lagwera m'madzi.

“Timipirato ndi magazi, n'tabwinobwino. Timaulusito ndiye matendawo. Si malungo. Amenewa amabwera ndi nkhufi.”

Ndinachotsa diso pamakinapo. Nkhufi ndinkazidziwa bwino. M'tizisakasa ta kuesiteti tija zinali zodzaza. Ndi tizilombo totuwa, taphanthiphanthi, tomwe masana timabisala m'fumbi ndi m'ming'alu ya makoma, munthu akagona n'kutuluka kudzamuyamwa, n'kubwerera kusanache. Nsabwe ndi nsikidzi munthu amatha kuzitchula akuseka. Nkhufi ayi. Nkhufi ndi za munthu wopanda kwawo, wogona pomwe wapeza.

“Adokotala, nyumba yanga ndi ya malata. Funsani aliyense.”

“Nkhufi sizikhala kudenga, agogo. Mwanayu amagona pati?”

“Ndi agogo ake aakazi.”

“Pabedi kapena pansi?”

Ndinayang'ana kukhomo. Akazi anga ndi amene anayankha ali panja: “Pamphasa.”

“Pansipo m'pa simenti?”

“Pabalaza pali simenti,” ndinatero ine.

“Nkhumba muli nazo?”

“Zonenepa kuposa za aliyense m'mudzimo.”

“Khola lili kutali bwanji ndi pogona?”

Adokotala sanakakamize yankho. Anafotokoza kuti mankhwala alipo, a jakisoni, koma mwana wofooka chonchi ayenera kugonekedwa kuchipatala cha kuboma, chifukwa mankhwalawo akayamba kupha tizilombo thupi limayamba lavutika lisanachire. Galimoto yawo imutengera kumeneko ndi agogo ake aakazi tsiku lomwelo.

“Koma tikamuchiza n'kumubwezera pomwe zinamuluma, zimulumanso, ndipo sindingalonjeze kuti thupi lakeli lidzapiriranso. Tiloleni tidzaone pomwe amagona. Mwina si kwanu, mwina anakumana nazo kwina. Popanda kuona sitingadziwe.”

“Pabalaza mukhoza kudzaona.”

“Pabalaza sagonapo, agogo.”

Asanakwere galimoto akazi anga anandiyandikira, mwana ali kumsana akubuula. Chikwatiranireni anali asanandilamulepo kanthu. Anati, “Bambo, mwanayu ndi wa eni ake. Mukawakaniza anthuwa, ine ndikatuluka naye m'chipatala ndikafikira kwa achimwene, ndipo m'nyumba mwanu sindilowanso naye. Anthu aziti zija ananena zija n'zoona.”

Ndinapalasa njinga ndekha, ndikuyeza manyazi awiri ngati mabelo a fodya pasikelo. Ena ndi akuti mkulu uja ndi wachimasomaso, anatsempha mdzukulu. Amenewo ndi manyazi ovala jekete, amuna anzako amakupatsa nawo moni. Enawo ndi akuti kapitawo uja amagona ndi nkhufi ngati tenanti. Ndinafika pakhomo ndisanasankhe. Pakhonde ndinapeza kambale ka mwana kapulasitiki, phala la m'mawa lili momwemo osakhudzidwa, ntchentche zikuzungulira. Kutacha ndinapita kwa mlangizi kukamuuza kuti abwere.

“Koma musasese, madala,” anatero mlangiziyo. “Musasunthe kanthu kalikonse. Tikufuna tipeze mmene muliri.”

Ndiye ngakhale kubisa pang'ono kunakanika. Tsache ndinkangoliyang'ana.

Ine ndinkaganiza kuti abwera mwakachetechete, awiri okha. Koma galimoto yoyera ikaima pakhomo pa munthu, mudzi wonse umasiya makasu. Amayi ochokera kumjigo anatula ndowa pabwalo langa. Amuna anatsamira nkhokwe. Alamu anabwera ndi kampando kawo n'kukhala kutsogolo ngati ansembe akale.

Adokotala anayamba andiuza za mwana, ndipo ndimawathokoza pa chimenechi. “Wabayidwa. Ananjenjemera kwambiri monga ndinanenera, koma anamwino sanachoke pambali pake. Thupi latsika, kudya sanayambe. Tidikire.”

Tinadutsa pabalaza, iwo osayang'ana n'komwe mipando yanga ya khushoni. Pakhomo la kuchipinda anaima, anawerama pang'ono, n'kunena motsitsa kuti, “Odi kuchipinda.” Mtsikana woleredwa bwino ndithu, ankadziwa chomwe ankapempha. Chimangireni nyumba imeneyo ndinali ndisanayankhepo munthu pakhomo limenelo. Ndinati, “Lowani.”

M'katimo munali mdima, chifukwa pawindo ndinatsekapo ndi saka kuopa akuba. Anati katundu atuluke kuti aone pansi ndi m'makona. Ndinanyamula ndekha, sindinalole munthu kundithandiza. Bedi linatuluka ndi miyendo itatu, wachinayi unali njerwa. Matiresi omwe ndinkawasunga aja anatuluka atakumbika pakati, atasokereredwa ndi masaka a feteleza. Mphasa ya akazi anga inatuluka ikuthothoka m'mbali. Zovala zawo zinali m'katoni ya sopo. Chitini chogwiritsa ntchito usiku chinatulukanso, poti ndikanachibisa kuti? Pomaliza ndinatulutsa majekete anga, ali pahang'ala, atakutidwa bwinobwino m'pulasitiki. Zonsezi zinaima pabwalo, dzuwa likuswa mtengo.

Mayi wina kumbuyo, sindinamuone nkhope, anati, “Majekete ali m'pulasitiki, mkazi ali pansi.”

Saka atalichotsa pawindo, ineyo ndinachiona chipinda changa ngati koyamba. Khoma la kukhola linali litanyowa m'munsi monse ndi mkodzo wa nkhumba, dothi likuyoyoka, ndipo pakona panali bowo loti dzanja la mwana likhoza kulowa. Pansi panali ming'alu yokhayokha. Amayi anayamba kusuzumira pawindo n'kumanong'onezana kuti mayi wa m'nyumba muno sazira. Akanazira bwanji pomwe sipauma? Zimenezi ndikulemba lero. Tsiku limenelo sindinawayankhire, ndinangokalipira ana kuti achoke panjinga yanga.

Mlangizi anavala magolovesi n'kuyamba kukokola fumbi la m'ming'alu ndi supuni. Ankalithira mu sefa, sefa wamba yosefera ufa, n'kumasefera panja, zotsala n'kuzikhuthulira m'beseni loyera. Fumbi loyamba linali la pafupi ndi khomo. Munatsala timiyala ndi batani la malaya. Matama anga anayamba kubwerera.

“Mwaona anthu inu,” ndinayamba motero.

“Dikirani, agogo,” anatero adokotala.

Fumbi lachiwiri linali la m'munsi mwa khoma lija, pomwe pankakhala mutu wa mwana. M'beseni munagwa tinthu totuwa ngati njere za nsatsi, tili duu. Ndinati ndi timiyala tina. Anthu anaunjikana. Dzuwa litatiwomba pang'ono, kamodzi kanatambasula miyendo, kenako kena, kenako beseni lonse linayamba kuyenda. Tina tinali tating'ono ngati mapira, tina titatupa ndi magazi. Kukhola kunapezeka zambiri kuposa pamenepo. Adokotala ankazitola imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira, n'kumaziika m'timabotolo, akuti zipita ku Lilongwe akaone ngati zili ndi timaulusi tomwe tija. Nkhufi zanga zinakhala kumpando wakutsogolo kwa galimoto yomwe ine sindinaikwerepo.

Alamu anadzuka pakampando kawo, anasuzumira m'beseni kwa nthawi, n'kunditembenukira.

“Alamu, ndiye akazi a kuboda aja ndi amenewa?”

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Iwo osaseka, anangowonjezera motsitsa monga mwa masiku onse: “Pepani, tinakukwezani.”

Adokotala anayesa kundithandiza. Anauza anthu kuti asaseke, nkhufi zimatsata nkhumba ndi ming'alu, sizisankha munthu, zikhoza kukhala m'nyumba ina iliyonse ya dothi, ndipo akufuna ena alole kuti nyumba zawo zionedwe. Koma mawu awo ankathera pamzere woyamba. Anandiyang'ana.

“Agogo, tandibwerezerani. Akumbuyo sakumva.”

Sindikudziwa ngati anadziwa chomwe ankandipempha. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wina. Ndiye ndinaima pakati pa bedi la miyendo itatu ndi chitini chija, n'kulengeza mudzi wonse ukumva mpaka kudambo, kuti m'nyumba muno mwapezeka nkhufi, kuti zinachokera kukhola lomwe linagundana ndi khoma, kuti ndizo zikuganiziridwa kuti zadwalitsa mwana, ndiponso kuti aliyense amene ana ake amagona pansi alembetse kwa alangizi. Mkulu wina wa kuesiteti, tenanti, yemwe anali akudutsa ndi mtolo wa mitengo yomangira chigafa cha fodya, anayankha ali pamsewu: “Tamva, akapitawo.” Sanaseke, ndipo zikanakhala bwino akanaseka.

Mayi wina anafunsa kuti nanga eni nyumbawo bwanji sanadwale. Adokotala anati akazi anga awayeza kuboma, poti apezeka kuti nawonso thupi linkawatentha koma ankangomangira mutu kansalu osanena. Zimenezo ine sindinkazidziwa. Za ine anati ndinkagona pamwamba, komanso munthu amene nkhufi zinamuluma kwa zaka zambiri kalekale, nthawi zina thupi lake limazolowera. Ananena mosalinga kanthu. Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva uthenga wabwino kutchalitchi.

Galimoto itapita anthu anabalalika, katundu wanga n'kutsala pabwalo. Sindinamubwezere m'nyumba. Ndinachita zonse zomwe anandiuza. Khola ndinaligwetsa tsiku lomwelo, mitengo yake ndinaiwotcha. Pansi m'chipinda ndinayala udzu wouma n'kuyatsa, kenako ndinathira madzi owira m'ming'alu yonse. Anyamata a zaumoyo anabwera kudzapopera mankhwala. Mphasa ndi matiresi zinapita pamoto. Nkhumba ndinagulitsa zonse kwa munthu wa kutali, nditamuuza zoona zake kuti azisambitse, ndipo ndinagula simenti. Khoma lonyowa lija ndinaligumula m'munsi n'kumanganso ndi njerwa zowotcha. Masiku onsewo ndinkagona m'chigafa cha fodya, kumsika osapita, kutchalitchi ndinkafika misa itayamba n'kuima panja. Tsiku lina ndikusakaniza simenti ndinaona alamu akubwera ndi fosholo. Tinagwira ntchito mpaka madzulo. Pepani weniweni sananene, ine sindinawapemphe.

Mwana anatuluka m'chipatala atachepa ngati kamwana ka mbuzi, koma maso ali gwa. Anafikira kwa alamu mpaka simenti inauma ndipo mlangizi anabweranso ndi sefa yake osapeza kanthu. Kenako mwana anabwera kwathu. M'mawa uliwonse ndinkamugwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, iye n'kumaganiza kuti ndi masewera, n'kumandigwira inenso. Nthawi yomwe kutentha kunkabwerera inakwana, inadutsa. Mwezi unatha. Adokotala anamubayanso kachala, ndipo ulendo uno pakagalasi panali timipira tokhatokha. Anayamba kudya ngati wolima, n'kumalirira nzimbe.

Koma nkhani imaoloka boda popanda chiphaso. Madalaivala ndi amalonda anaifikitsa ku Chipata, atawonjezera mchere. Tsiku lina ndinaona mwana wanga wamkazi akulowa pabwalo, khanda latsopano lili kumsana. Anapereka moni, anamwa madzi, anamunyamula mwana wake n'kumuyang'ana thupi lonse mpaka kuseri kwa makutu. Kenako anagwada pakhonde chapatali ndi ine.

“Bambo, abambo ake akuti mwana abwerere.”

“Wachira. Ukumuona wekha.”

“Ndikumuona, bambo. Zikomo kwambiri.”

“Nkhumba kulibe. Simenti ndathira mpaka m'makona. Lowa ukaone.”

Anayang'ana pansi. “Ine kuchipinda kwanu, bambo?”

Akazi anga anayamba kale kupinda timadiresi ta mwanayo. Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinakalipe. Ndikanakalipira ndani? Mkamwini wanga wa ku Chipata anali ndi ufulu wonse.

M'mawa mwake ndinawaperekeza ku Kamwendo. Linali tsiku la msika, ndipo njira ya kusiteji imadutsa pomwe anzanga amagulitsira nyama. Mwana anali pachitsulo cha njinga, ine ndikukankha, mayi ake akubwera kumbuyo.

“Akapitawo, mwasowa,” anatero mmodzi akunola mpeni. “Ziweto zanu zing'onozing'ono zija zikuswana?”

“Zinapita ku Lilongwe pa galimoto,” ndinayankha. “Iwe unapitako liti?”

Anaseka, inenso ndinangoonetsa mano. Ndinagula nzimbe n'kumudulira mwana. Minibasi itabwera ndinamunyamula kuti ndimupereke kwa mayi ake pawindo, ndipo analemera m'manja, msana unamva ndithu. Pakhosi panga mphumi yake inali yozizira bwino. Anafuna kulira, nzimbe n'kumuiwalitsa.

“Madala, mukwera?” anafunsa kondakitala.

“Ndikuperekeza.”

Pobwerera ndinadzera njira ya kudambo. Ndi yaitali, ili ndi matope, koma sikhala ndi anthu.

Lero mwana uja ndi mayi wa ana ake, wamtali, wathanzi, ndipo za matenda aja sakumbuka kanthu. Amabwera kudzationa, amatibweretsera shuga ndi sopo, amadya nafe n'kundiseka kuti mwamuna wake wakalamba. Dzuwa likapendeka amatsazika kuti apeze minibasi boda lisanatsekedwe. M'nyumba mwanga sanagonemonso, ndipo ine sindinamufunsepo kuti anamuuza chiyani.